Magitala awiri a bezi sagawana ampu imodzi

Ndatopa kumva anyamata akundiuza kuti chimbale cha Dos, gulu loimba ndi magitala awiri a bezi okha, n'kung'ung'udza chabe. Ndikafunsa kuti mwamvera pati, akuti pafoni. Chingwe chokhuthala kwambiri cha bezi chimanjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo kasipika ka foni sikangatulutse mawu otsika chonchi. Theka la nyimboyo simunalimve.

Dos ndi anthu awiri a ku America: Mike Watt wa gulu la punk la Minutemen, ndi Kira Roessler amene ankaimba bezi m'gulu la Black Flag. Chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1986, D. Boon, mnzake wa Watt, atamwalira pangozi ya galimoto mu December 1985. Mulibe ng'oma, mulibe gitala wamba. Wina akatsika mnzake amakwera, wina akamalankhula mnzake amampatsa mpata. Ndi mpatawo umene umachititsa kuti mabezi awiri asasanduke phala.

Koma chimene chimandiwawa monga wokonza maampu, makina okweza mawu a gitala, ndi china. Anyamata awiri anachikonda chimbalechi nafuna kuyesa okha, zomwe n'zabwino. Analowetsa mabezi onse awiri mu ampu imodzi yaing'ono ya gitala wamba, yobwereka kwa malume a mmodzi wa iwo. Sipika ya gitala sinapangidwire kugwedezeka kotero. Inayamba kulira ngati pepala long'ambika. Mmodzi anandiimbira, ndinamuuza kuti zimitsani, mubwere nayo mawa. Sanabwere. Anaimbabe mpaka fyuzi inapsa.

Ndiye anakaipereka kwa mmisiri wina wa kumsika, amene anamangirira kawaya pamalo pa fyuzi n'kulandira ndalama. Fyuzi imapsa dala kuti zina zonse zipulumuke! Ikapsa ndiye kuti m'katimo muli vuto, ndipo kawayako kamangotsegulira moto njira. Pamene ampuyo inkafika kwa ine, thiransifoma inali itapserera, fungo lake lili chipinda chonse. Poyamba paja tikanangosintha sipika. Mpaka lero ndimaiona nkhope ya mnyamatayo akuganiza zokawauza malume ake.

Ngati muli awiri, aliyense akhale ndi ampu yake ya bezi. Mukamva kaphokoso kong'ambika kapena kafungo ka pulasitiki wopserera, zulani kumagetsi nthawi yomweyo, musadikire kuti nyimbo ithe. Ndipo mmisiri akakuuzani kuti fyuzi yofanana ndi yakaleyo palibe koma kawaya kagwira ntchito, nyamulani ampu yanu muzipita.