Mafunso ndi mayankho pa nambala ya katundu wolowa pa kasitomu

Kodi msonkho wa katundu wochokera kunja amauwerengera bwanji?

Asanatchule ndalama, a kasitomu amayamba apeza gulu limene katunduyo akugwera, ndipo gulu lililonse lili ndi nambala yake. Maiko oposa 200 amatsatira ndondomeko ya manambalawa yotchedwa Harmonized System, imene inayamba kugwira ntchito mu 1988 ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe la World Customs Organization ku Brussels. Manambala 6 oyambirira ndi ofanana kulikonse, koma dziko lililonse limawonjezera ena kumapeto n'kuika lokha mlingo wa msonkho.

Nanga nambalayo imawerengedwa motani?

Titenge khofi. Nambala 09 ndi mutu (gulu lalikulu) wa khofi, tiyi ndi zokometsera zakudya, pamene 0901 ndi khofi. Khofi wosakazinga amene sanachotsedwe kafeini (chinthu cha mu khofi chimene chimachotsa tulo) ndi 0901.11, ndipo akakazingidwa amasamukira pa 0901.21. Koma khofi uja wongosungunula m'madzi otentha sapezeka m'mutu umenewu n'komwe, chifukwa anakonzedwa kale kufakitale, choncho amagwera pa 2101. Apa ndi pamene amalonda ambiri amaphonya, poganiza kuti dzina lolembedwa pa katoni ndi lokwanira, chonsecho chimene chimaunikidwa ndi chimene chinthucho chili, zimene anachipangira ndi mmene chakonzedwera.

Bwanji katundu akabwera wosalumikiza?

Njinga yakapalasa ikafika m'bokosi, mawilo payokha, tcheni ndi chishalo pazokha, imawerengedwabe ngati njinga yathunthu pa 8712. Lamuloli ndi loyenera ndithu, chifukwa popanda ilo anthu akanamamasula katundu dala kuti alipire msonkho wa zipangizo.

Nanga chinthu chopangidwa ndi zinthu zosiyanasiyana?

Amayang'ana kaye gulu limene likuchifotokoza mwachindunji. Zikakanika, amatsata mbali imene ikuchipatsa chinthucho ntchito yake yeniyeni, ndipo zikavutabe, amatenga nambala yakumapeto mwa zimene zikupikisanazo.

Ndani amayankha nambala ikalakwika?

M'maiko ambiri udindowo ndi wa woitanitsa katundu, ngakhale mapepala atalemba ndi ejenti. Katundu angathe kugwidwa pachipata, msonkho wotsala n'kulipiritsidwa pamodzi ndi chindapusa. N'chifukwa chake ndi bwino kupempha a kasitomu chigamulo cholembedwa katunduyo asananyamuke, kumene mwayi umenewu ulipo, komanso kuonetsetsa kuti nambala imene munkagwiritsa ntchito kale ikadalipo, poti ndondomekoyi imakonzedwanso pakapita zaka zingapo, monga zinachitikira mu 2017 ndi mu 2022.