Zasintha ndi miyala, kapena ndi nyanja?

Mu 1996 kampani ya Statoil, yomwe lero ndi Equinor, inayamba kupopera mpweya wa carbon dioxide m'mchenga wotchedwa Utsira ku Sleipner, malo okumbako gasi, pansi pa nyanja ya North Sea. Kumeneko munthu sangatsikeko kukaona komwe mpweyawo walowera. Mwayi wake, malowo anali atayezedwa kale mu 1994 ndi seismic, njira yojambulira miyala ya pansi pogwiritsa ntchito phokoso. Atayezanso mu 1999 n'kufananiza, mpweyawo unaoneka bwinobwino utayalana m'magawo.

Kayezedwe kake n'kotere. Sitima imaphulitsa mpweya wopanikizidwa m'madzi, phokoso limalowa m'miyala n'kubwerera, ndipo timaikolofoni ta pa zingwe zotalika makilomita angapo timalimva. Kubwereza zimenezi ndendende patapita zaka ndiye kovuta. Zili ngati mwana wa ku sikelo: mwezi watha anamuyeza wosavala, lero ali ndi juzi ndi nsapato, ndiye wanenepadi?

Nyanja sikhala chimodzimodzi. Madzi oyenda amakankhira zingwe kumbali, moti timaikolofoni sitidutsanso pomwe tinadutsa kale. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi m'madzi, koma liwiroli limasintha madzi akazizira kapena mchere ukachuluka. Nyanja ikangokwera ndi mita imodzi, ulendo wopita ndi kubwera umatalika ndi mamita awiri, ndipo phokoso limachedwa ndi kupitirira pang'ono milisekondi imodzi. Ena angati n'zochepa, komatu kusintha kumene timafufuza ndi njira yomweyi m'chitsime cha mafuta nthawi zambiri kumakhala kwa mamilisekondi owerengeka okha.

N'chifukwa chake ine ndikapatsidwa zithunzi ziwiri za seismic zojambulidwa nthawi zosiyana sindithamangira pomwe pali mafuta. Ndimayamba ndaona miyala yomwe sinayenera kusintha. Ngati nayonso ikuoneka yosiyana, vuto lili pa kayezedwe. Kusiyanako timakuwerengera ndi muyezo wotchedwa NRMS: 0 peresenti ndiye kuti zafanana kwathunthu, pomwe 141 peresenti ndi zomwe umapeza ukafananiza phokoso lachabechabe losagwirizana n'komwe.

Ku Sleipner zinaphweka chifukwa mpweya wa carbon dioxide umachedwetsa kwambiri phokoso m'mchenga wofewa ngati uja. M'malo ena kusintha kumakhala kobisika. Ku Valhall, malo okumbako mafuta m'nyanja yomweyo, kampani ya BP mu 2003 inakwirira pansi pa nyanja zingwe zoposa makilomita 100 kuti zikhale pomwepo. Ndalama zimalowa zambiri poyamba, koma timaikolofoni sitisunthanso, ndipo chotsala ndi kuonetsetsa kuti sitima ikuphulitsira pamalo omwe aja ulendo uliwonse.