Ndalama zakunja sizinabereke mabungwe a ku Poland

Kwa zaka zambiri takhala tikumva kuti mabungwe omwe si aboma ku Poland, Hungary ndi mayiko oyandikana nawo anangobadwa ndi ndalama za mayiko olemera chikomyunizimu chitagwa mu 1989. Zatitopetsa.

Ku Poland ogwira ntchito anali atagwirizana kale mu 1980, akunyanyala ntchito mumzinda wa Gdańsk. Thandizo lakunja linathandizadi, makamaka pa maphunziro, maofesi ndi malipiro. Koma mayikowa atalowa mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya mu 2004, opereka thandizo ambiri anachoka, ndipo mabungwe odalira thandizo lakunja lokha anavutika kwambiri.

Musanagawane pa WhatsApp nkhani yoti bungwe lina linabadwa ndi ndalama zakunja, fufuzani chaka chimene bungwelo linayamba, muwerengenso malipoti ake a pachaka kuti muone amene amalipatsa ndalama.