Mafunso ndi mayankho pa mankhwala othandiza kusiya mowa

Chimvekere mbiri yoti kuli mapiritsi osiyitsa mowa, pachipatala chathu kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, pakumadzaza anthu, ena ochokera ku Tsangano ndi ku Macanga. Ambiri ndi amayi, ndipo ambiri akubwerera okhumudwa. Tikuyankha pano zomwe akutifunsa.

Kodi mankhwalawa alikodi?

Aliko. Odziwika ndi naltrexone, acamprosate ndi disulfiram. Awiri oyambawo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2023.

Amagwira ntchito bwanji?

Naltrexone, piritsi la 50 mg kamodzi patsiku, amachepetsa chibaba ndi kukoma kwa mowa, choncho amathandizanso munthu wofuna kungochepetsa. Acamprosate amamwedwa katatu patsiku ndi munthu amene wasiya kale kuti asabwerere. Disulfiram sachotsa chibaba. Amadwalitsa munthu akalawa mowa.

Bwanji mukukana kundipatsa kuti ndikawathirire m'phala abambo a kunyumba?

Amayi, funso ili ndi lomwe likutidanitsa ndi anthu. Tikudziwa kuti ndalama za mbatata ndi chimanga zikuthera ku nipa, ana akugona ndi njala. Sitikukana chifukwa chouma mtima ayi. Mankhwala amene mukunenawo ndi disulfiram. Munthu akamwa osadziwa, kenako n'kukakhala pa kachasu monga mwa masiku onse, nkhope imafiira, amasanza, mutu umawawa, mtima umathamanga, magazi amatsika mphamvu. Wodwala mtima angathe kufa, ndipo chiopsezo chimenechi chimakhalapobe mpaka masabata awiri chimwereni piritsi lomaliza. Mlandu wake ungagwere inu ndi ife.

Ena amati, nanga tipatseni naltrexone poti sadwalitsa choncho. Nayenso sitingapereke kwa munthu amene sitinamuone, popeza sitidziwa za chiwindi chake ndi mankhwala ena amene akumwa. Mwini wake abwere. Ngati akukana, bwerani nokha tikambirane momwe ankhoswe, amalume awo kapena akulu a mpingo angathandizire kuwanyengerera. Sitilonjeza kuti avomera. Ndipo ngati kunyumba kuli nkhanza, tiuzeni, chifukwa imeneyo ndi nkhani yosadikira piritsi.

Ndabwera ndekha, koma mwandibweza kuti ndikayezetse kaye. Chifukwa chiyani?

Simunabwezedwe. Naltrexone sapatsidwa kwa munthu amene chiwindi chake chatupa kwambiri kapena ali ndi chikasu, ndiponso amalimbana ndi mankhwala a ululu monga tramadol, codeine ndi morphine. Acamprosate amafuna impso zabwino. Ngati mukumwa mankhwala a TB kapena ma ARV, kapena ndinu oyembekezera, nenani. Dokotala aona payekhapayekha, ndipo mwina angakuuzeni kuti mudikire.

Ndingosiya lero lomwe kunyumba?

Ngati mumamwa kwambiri tsiku lililonse ndipo m'mawa manja amanjenjemera mpaka mutalawako, musatero. Kunjenjemera ndi thukuta zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24. Ena amakomoka ngati akhunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu amabwebweta n'kumaona zinthu zomwe palibe. Izi zimapha, ndipo si ufiti. Kuchipatala timapereka diazepam kwa masiku ochepa pamodzi ndi vitamini B1.

Kodi ndi zoona kuti nthawi zina mankhwalawa mulibe?

Ndi zoona, ndipo sitiwapanga ndife. Akasowa, uphungu timapitirizabe, ndipo wofunika chithandizo choposa chathu timamulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Tete. Tikupempha kuti musagule mapiritsi opanda dzina kwa ogulitsa pamsika wa kumalire. Ngati munagula kale, bwerani nawo tiwaone musanamwe.