Nyali za galimoto zikafooka, musathamangire babu lamphamvu

Aliyense amene anayendetsapo galimoto usiku pa Great East Road, kuchoka ku Katete kubwera kuno ku Chipata, akudziwa zimene zimatulukira mumdima: njinga yopanda chowala kumbuyo itasenza matumba a makala, ngolo ya ng'ombe ikuchokera kumunda, anthu akuyenda m'mphepete mwenimweni mwa phula. Galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi imodzi. Nyali za dimu zimene zili bwino zimaonetsa msewu mamita 40 mpaka 50 kutsogolo. Ndiye kuti kuchokera pamene maso aona ngolo kufika pamene bampala yaigunda ndi masekondi awiri okha. Nyali zikafooka, ngakhale awiriwo sakwana.

Madalaivala ambiri akaona zimenezi amalowa m'sitolo ya zipangizo n'kufunsa babu lamphamvu kuposa limene lilimo. Kawirikawiri babu lakalelo silinalakwe kanthu. Mwina moto sukulifika wokwanira, mwina galasi lachita chikasu, mwinanso kuwala kulipo koma kukupita kumitengo. Zonsezi zimakonzeka ndi ndalama yochepa ngati munthu akudziwa poyambira.

Njira imene moto umadutsa

Moto umachoka ku batire, n'kudutsa pa fyuzi, n'kufika pa relay, kenako pa babu. Ukachoka pa babu umabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha bodi ya galimoto, pa waya amene amakaniko amati wa earth. Swichi ya pa chiwongolero, pa magalimoto ambiri, sinyamula moto wonse wa nyali zazikulu. Ntchito yake ndi kutuma kamoto kochepa ku relay kuti itseke njira ya moto waukulu. Pakaduka kapena pakachita dzimbiri pena paliponse pa njirayi, babu limazima kapena kufooka.

Yambani ndi gwero. Batire lodzaza bwino limaonetsa 12.6V pa multimeter, chipangizo choyezera moto, injini itazima. Injini ikamalira, alternator, imene imapanga moto ndi kudzaza batire, iyenera kukweza nambalayo kufika pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Ikatsika pansi pa 13V, nyali zimawala mukaponda mafuta n'kufooka mukaima. Ikapitirira 15V ndiye kuti regulator, imene imaletsa motowo kupitirira muyezo, yafa, ndipo mababu amangopsa mwezi ndi mwezi ngakhale mugule abwino motani.

Fyuzi ndi kachitsulo kopyapyala kopangidwa kuti kapse mawaya asanapse. Mtundu wake umanena mphamvu yake: yofiira ndi 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yobiriwira 30A. Ikapsa, bwezerani ya nambala yomweyo. Ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya amene wasupuka ndipo akukhudza chitsulo. Fufuzani pamene mawaya amapindika polowa m'chitseko cha buti, ndi pamene wina analumikizapo wailesi kapena nyali zowonjezera. Kukulunga waya kapena pepala lasiliva m'malo mwa fyuzi kwaotchetsa magalimoto, chifukwa kutentha kumene kukanathera pa fyuzi kumasamukira m'mawaya a pansi pa dashibodi.

Mmene nyali zazimira zimakuuzani kolowera. Pa galimoto ya mababu a H4, a miyendo itatu amene dimu ndi fulu zili m'babu limodzi, dimu ikazima mbali imodzi koma fulu n'kumayaka, kawaya ka dimu m'kati mwa babu kaduka. Mbali imodzi ikazima zonse, dimu ndi fulu yomwe, onani pulagi ndi fyuzi, pakuti magalimoto ambiri a ku Japan ali ndi fyuzi yakumanja payokha ndi yakumanzere payokha. Mbali zonse ziwiri zikazima limodzi, ganizirani relay kapena swichi. Gwirani relay ndi chala wina akuyatsa nyali: iyenera kugunda kuti tha. Ngati m'bokosi la mafyuzi muli ina yofanana nayo nambala, monga ya hutala, zisinthanitseni muone.

Waya wa earth

Apa ndi pamene pamabisala mavuto ambiri, ndipo ndi pamene anthu sayang'anapo. Waya wa earth amamangidwa ku bodi ndi kabawuti kakang'ono, nthawi zambiri ka sipanala ya 10, pafupi ndi nyali. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limalowa pansi pa kabawutiko, mvula ikayamba limasanduka matope, ndipo pofika Malichi pamakhala dzimbiri lofiira pa chitsulo ndi ufa wobiriwira pa mkuwa wa waya. Moto umadutsabe, koma movutikira.

Babu la halogen, babu wamba la nyali zazikulu lokhala ndi kawaya kotentha m'kati, silipirira kuchepa kwa moto. Moto ukachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. N'chifukwa chake nyali imodzi imawala moyera pamene inzake ikuoneka ngati koloboyi.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Lizani injini, yatsani dimu, pulagi ikhale yolumikizidwa. Yezani moto pa batire, kenako yezani pakati pa miyendo iwiri ya babu imene ikugwira ntchito, mukulowetsa nsonga za multimeter kumbuyo kwa pulagi. Kusiyana kukapitirira theka la volt, moto ukutayika panjira. Kuti mudziwe mbali yake, ikani nsonga imodzi pa mutu wa negative wa batire, ina pa mwendo wa earth wa babu. Nambala iyenera kukhala pansi pa 0.2V. Ikakwera, masulani kabawuti, palani chitsulo ndi sandipepa mpaka chinyezimire, palaninso mphete ya waya, mangani zolimba, ndipo pakani girizi pang'ono pamwamba kuti madzi asabwerere. Chenjezo kwa amene akugwira Toyota zakale: zambiri mwa izo moto umakhala uli kale pa babu ndipo swichi imadula mbali ya earth, kotero tesita, kanyali koyezera moto, ikhoza kuyaka pa miyendo yonse itatu popanda cholakwika chilichonse.

Kumbuyo, earth yoipa ili ndi chizindikiro chake. Mukayatsa indiketa mutaponda buleki, nyali zonse za mbali imeneyo zimaphethira limodzi mofooka, mwina mpaka nyali ya rivesi. Moto wasowa njira yake yobwerera ndipo ukudutsira m'mababu ena. Kusintha mababu sikuthetsa zimenezo.

Mababu ndi kasinthidwe kake

Babu lililonse lili ndi nambala pa chitsulo chake, ndipo ndi bwino kupita nalo lakufalo kusitolo. H4 ili ndi miyendo itatu ndi timawaya tiwiri m'kati, 60W ya fulu ndi 55W ya dimu. H7 ndi H11 ndi a 55W, a kawaya kamodzi. HB3 nthawi zambiri ndi ya fulu, HB4 ya dimu. Indiketa ndi 21W, buleki ndi paki zikakhala m'babu limodzi ndi 21/5W, ndipo timababu ta paki kutsogolo ndi ta pa nambala ndi 5W. Onetsetsani kuti palembedwa 12V. Mababu a malole ndi a 24V. Amalowa bwinobwino koma amangofiirira.

Posintha H4, zimitsani nyali ndi kudikira kuti babu lizizire. Zulani pulagi molunjika, chotsani labala yakuda yotseka kumbuyo, masulani kawaya kokhala ngati mbedza kamene kamapanikiza babu. Latsopanolo lili ndi makutu atatu ndipo limakhala pansi bwino njira imodzi yokha. Likapendama pang'ono, kuwala konse kumasokonekera. Galasi lake musaligwire ndi zala. Thukuta ndi mafuta a m'manja zimapsererapo, malowo amatentha kuposa ena, ndipo babu silikhalitsa. Mukalikhudza, lipukuteni ndi sipiliti. Labala ija ibwerere mmene inalili, mawu akuti TOP ali kumwamba. Ndi bwino kusintha mbali zonse ziwiri, chifukwa mababu ogulidwa tsiku limodzi amakalamba limodzi.

Tsopano za babu la 100/90W limene ambiri amalikonda. Babu la 55W limakoka pafupifupi 4.6A, la 100W limakoka kupitirira 8A, pa mawaya ndi pulagi zimene sizinapangidwire katundu wotere. Zulani pulagi ya galimoto imene yayenda nalo miyezi ingapo muone: pulasitiki yada n'kusungunuka mozungulira mwendo umodzi, chitsulo cha m'kati chalefuka, ndipo pakununkha kupserera. Kutentha komweko kumayuwula siliva wa m'mbale yobweza kuwala, ndipo siliva akayuwuka nyali yonse yatha ntchito.

Mababu a LED oikidwa m'nyali yopangidwira halogen ali ndi vuto lina. Mbale ya nyali inaumbidwa kuti itenge kuwala kochokera pa kawaya kakang'ono kokhala pamalo amodzi enieni. Ma LED ambiri otchipa amatulutsa kuwala pamalo ena, ndiye kumamwazika. Woyendetsa amaona kuyera kwambiri pafupi ndi bampala n'kuganiza kuti wapeza zabwino, koma patali pali mdima, ndipo amene akubwera kutsogolo wathobwa m'maso pa nthawi imene akudutsa wanjinga. Galimoto yobwera ndi HID, nyali za mpweya wa xenon zopanda kawaya, kuchokera kufakitale, ya mababu a D2S, D4S ndi ena otero, ndi nkhani ina: kabokosi kake kamakweza moto kupitirira 20,000V poyatsa. Musaigwire musanazimitse zonse ndi kuchotsa waya wa negative pa batire, ndipo ngati simunazolowere, isiyireni wamagetsi a galimoto.

Galasi la nyali za masiku ano ndi pulasitiki yokutidwa ndi utoto woteteza ku dzuwa. Utotowo ukatha, galasi limachita chikasu ndi nkhungu. Mankhwala otsukira mano amayeretsa kwa milungu yochepa chabe. Kukonza kokhalitsa ndi kupala ndi sandipepa yonyowa, kuyambira 800, kenako 1500, kenako 2000 kapena 3000, kupolisha, n'kupopera utoto woonekera woteteza ku dzuwa. Mukasiya utotowo, chikasu chimabwerera msanga kuposa poyamba. Nthunzi yochepa m'kati mvula itagwa imauma yokha nyali zikayaka, koma madzi odikha pansi akutanthauza mng'alu kapena labala yosatseka bwino.

Kulozetsa nyali

Ntchito iyi imafuna khoma, tepi yoyezera, choko ndi sikuludiraiva, koma ndi imene imasintha kwambiri zimene mumaona usiku. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, mamita 10 kuchokera pakhoma, matayala ali ndi mpweya wokwanira, munthu atakhala pa mpando wa dalaivala. Ngati pa dashibodi pali kagudumu kokweza ndi kutsitsa nyali, kakhale pa 0. Yezani kuchokera pansi kufika pakati pa nyali, tinene masentimita 65, n'kulemba mzere pakhoma pa msinkhu womwewo. Pa chikwama cha nyali zambiri pamalembedwa 1% kapena 1.2%. Pa mamita 10, 1% ikutanthauza kuti malire a pamwamba a kuwala kwa dimu akhale masentimita 10 pansi pa mzere uja, ndiye kuti pa 55.

Yezani nyali imodzi imodzi, wina ataima kutsogolo kwa inzakeyo; musaiphimbe ndi nsalu nthawi yaitali chifukwa pulasitiki imatentha. Kumbuyo kwa nyali kuli timabawuti tiwiri, kena kokweza ndi kutsitsa, kena kopititsa kumanja ndi kumanzere. Popeza ku Zambia timayenda kumanzere, malire a kuwala ayenera kukhala ogona mbali ya kumanja n'kukwera mbali ya kumanzere, kuti aunike oyenda pansi ndi zikwangwani popanda kuthobwa anzathu. Magalimoto ochokera ku Japan ndi ku Britain amabwera ali kale otero. Pamene malire a kuwalawo akuyamba kukwera pakhale molunjika ndi pakati pa nyaliyo. Mukanyamula matumba a chimanga kapena feteleza kumbuyo, mphuno ya galimoto imadzuka. Kagudumu kaja kanaikidwira nthawi imeneyo, katembenuzeni kafike pa 2 kapena 3.

Kumbuyo, kumene dalaivala saona

Indiketa iyenera kuphethira ka 60 mpaka ka 120 pa mphindi. Ikayamba kuthamanga mbali imodzi, babu lina la mbali imeneyo lapsa, kapena mwaikidwa LED yokoka moto wochepa. Babu la 21/5W la miyendo ya m'mbali lili ndi timano tiwiri tosiyana msinkhu kuti lisalowe chozondoka. Likakanikizidwa mokakamiza, paki imawala ngati buleki ndipo wakumbuyo sadziwa kuti mwaima. Mukaika la kawaya kamodzi m'soketi ya awiri, kuponda buleki kumayatsa paki ndi nyali za pa dashibodi.

Nyali za buleki zimayatsidwa ndi kaswichi kamene kali pamwamba pa chopondera. Pa magalimoto ambiri a ku Japan kaswichiko kamatsamira pa kalabala kakang'ono ngati batani la malaya. Kakakalamba kamaphwanyika, ndipo tizidutswa take mumatipeza pa kapeti pansi pa mapazi. Zikatero nyali za buleki sizizima ngakhale kiyi atachotsedwa, ndipo m'mawa batire latha. Kalabala katsopano kamangokanikizidwa m'bowo lake. Kaswichi kenikeni kakafa kapena fyuzi yolembedwa STOP ikapsa, galimoto ya otomatiki imakana kuchoka pa P, ndipo ena amayamba kukayikira giyabokosi pamene vuto ndi la fyuzi imodzi.

Oyeza fitinesi a RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, amaona nyali zonsezi, mpaka ya pa nambala, koma mababu amapsa tsiku lililonse, makamaka pa misewu ya mabampu yopita kumidzi kumene kawaya kotentha kamagwedezeka mpaka kuduka. Ngati mulibe wokuonerani, bwererani chambuyo pafupi ndi khoma madzulo, pondani buleki, lowetsani rivesi, yatsani indiketa mbali iyi ndi iyo, mukuyang'ana kuwala pakhoma kudzera pa kalilole. Paulendo wa ku Lusaka, Lundazi kapena Mfuwe, m'kabokosi ka kutsogolo musasowe babu limodzi la nyali yaikulu, limodzi la 21/5W, limodzi la 21W, ndi mafyuzi awiri awiri a 10A ndi 15A.