Kafukufuku akabisidwa, amavulala ndi mankhwala abwino omwe

Dokotala akamalembera wodwala mankhwala, sakhala atawayesa yekha. Amadalira zomwe akatswiri ena adapeza pa kafukufuku n'kuzisindikiza m'magazini a zachipatala, ndipo wodwala naye amadalira dokotalayo. Chomwe anthu ambiri sadziwa n'chakuti kafukufuku wambiri wa mankhwala atsopano amalipiridwa ndi makampani omwe akufuna kugulitsa mankhwalawo. Izi pazokha si mlandu, pakuti kuyesa mankhwala pa anthu zikwizikwi kumadya ndalama zochuluka. Vuto limabwera pamene mwini ndalamayo ndiye akusankha zotsatira zoti dziko lione ndi zoti zitsekeredwe m'kabati.

M'chaka cha 2008, Erick Turner ndi anzake adaunika kafukufuku 74 wa mankhwala a matenda ovutika maganizo yemwe adalembetsedwa ku FDA, bungwe loona za mankhwala ku America. Mwa kafukufuku 38 yemwe adaonetsa kuti mankhwala akuthandiza, 37 adasindikizidwa. Mwa 36 otsalawo, omwe zotsatira zake sizidali zabwino kapena zidali zokayikitsa, 22 sadasindikizidwe konse, ndipo 11 adalembedwa mokometsera ngati zonse zidayenda bwino. Dokotala wakhama wowerenga magazini onse akadaona ngati pafupifupi kafukufuku yense akuvomereza mankhwalawo, pomwe zoona zake n'zakuti adali theka lokha. Palibe adafunika kupeka manambala apa. Kungokhala chete kudakwanira.

Nthawi zina chobisidwacho chimakhala choopsa cha mankhwala. Vioxx, mankhwala ochepetsa ululu a kampani ya Merck, adavomerezedwa mu 1999 ndipo adachotsedwa pamsika mu 2004 atapezeka kuti amawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima. Chaka chotsatira, akonzi a magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine adadandaula poyera kuti m'lipoti lomwe adasindikiza mu 2000 simudalembedwe anthu atatu omwe adadwala mtima akumwa mankhwalawo.

Kutsatsa malonda kumatenga mfundo zofooka zotere n'kuzikuza. Mu 1980 magazini yomweyo idasindikiza kalata ya ziganizo zisanu yonena kuti odwala ogonekedwa m'chipatala omwe adapatsidwa mankhwala amphamvu opha ululu sankawazolowera kawirikawiri. Kalatayo sidali kunena za anthu omwa mankhwalawo kunyumba kwa miyezi yambiri, koma idatchulidwa kambirimbiri ngati umboni woti mankhwalawa alibe vuto. Kampani ya Purdue Pharma itatulutsa OxyContin, mankhwala amphamvu opha ululu a mtundu womwewo, mu 1996, otsatsa ake ankayendera madokotala kuwatsimikizira kuti chiopsezo chozolowera n'chochepa. Mu 2007 kampaniyo idavomera m'khoti kuti idasocheretsa anthu ndipo idalipira pafupifupi madola 600 miliyoni, koma pofika nthawiyo ambiri adali atakodwa kale. Ife ogwira ntchito zaumoyo timakonda kuganiza kuti chakudya chaulere kapena ulendo wolipiridwa ndi kampani sizingasinthe maganizo athu, komatu makampani sakadapitiriza kuwononga ndalama pa zinthu zosawapindulira.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kukayika kwa anthu sikuthera pa kampani yomwe idalakwa. Paja nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Mu 1996, mliri wa matenda oumitsa khosi uli mkati mumzinda wa Kano ku Nigeria, kampani ya Pfizer idayesa mankhwala a Trovan powayerekeza ndi ena pa ana pafupifupi 200, ndipo ana 11 adamwalira. Makolo adati sadauzidwe bwino kuti ana awo ali pa kafukufuku, pomwe kampaniyo idati matendawo ndiwo adapha anawo, ngakhale kuti mu 2009 idagwirizana ndi boma la Kano kulipira madola 75 miliyoni. Mu 2003 atsogoleri ena a kumpoto kwa dzikolo adaimitsa katemera wa poliyo ponena kuti muli zinthu zolepheretsa kubereka. Zimenezi zidali zabodza, koma nkhani ya Trovan idali imodzi mwa zomwe zidachititsa kuti bodzalo likhulupiriridwe mosavuta. Poliyo idafalikira mpaka kumayiko omwe adali atathana nayo kale, ndipo ana omwe adalumala sadali ndi gawo lililonse pa mkanganowo.

Tisaganize kuti aliyense wotsutsa makampani ndiye akunena zoona. Andrew Wakefield, dokotala wa ku England, adasindikiza m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1998 lipoti la ana 12 lomwe lidabutsa mantha oti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, amayambitsa autism, vuto la ubongo lomwe limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi ena. Pambuyo pake zidadziwika kuti iye ankalandira ndalama kudzera kwa maloya omwe ankakonza zosumira opanga katemerayo. Lipotilo lidachotsedwa mu 2010 ndipo iye adalandidwa chilolezo chogwira ntchito ya udokotala, koma makolo ambiri ku England adali atasiya kale kubayitsa ana awo, mwakuti chikuku chidabwereranso.

Pali zomwe zasintha. Kuyambira mu 2005, magazini akuluakulu a zachipatala salandira lipoti la kafukufuku woyesa mankhwala pa anthu ngati sadalembetsedwe poyera asanayambe, pa malo monga ClinicalTrials.gov, n'cholinga choti kafukufuku wosowa azidziwika kuti wasowa. Olemba amafunikanso kunena yemwe adawalipira. Wodwala wopatsidwa mankhwala atsopano ali ndi ufulu wofunsa dokotala wake kuti mankhwalawo adayesedwa pa anthu angati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati adayerekezedwa ndi mankhwala akale omwe akugwira kale ntchito kapena ndi mapiritsi opanda kanthu. Funso lomalizali n'lofunika kwambiri, chifukwa mankhwala angathe kuvomerezedwa atangoposa piritsi lopanda kanthu, osaposa mankhwala otsika mtengo omwe wodwalayo ankamwa kale.