Yankho limene dokotala wanu amalandira ku kampani ya mankhwala limachokera kuti?

Dokotala akakumana ndi funso limene kapepala ka m'bokosi la mankhwala sikakuyankha, amatha kufunsa kampani imene inapanga mankhwalawo. Mwina wodwala wake ali ndi impso zofooka ndipo akufuna kudziwa ngati mlingo uchepetsedwe. Mwina ndi mayi woyembekezera, kapena mwana wosafika zaka zimene mankhwalawo anayesedwerapo. Woyankha mafunso otere si wamalonda uja amagawa zolembera ndi makalendala m'zipatala. Ndi munthu wina amene pantchito timangomutchula kuti MSL, chidule cha medical science liaison. Kawirikawiri amakhala katswiri wa zamankhwala, dokotala, kapena wasayansi wa digiri ya PhD, ndipo malipiro ake sayenera kudalira kuchuluka kwa mabokosi amene agulidwa. Ntchitoyi inayambira ku kampani ya Upjohn ku America mu 1967.

MSL sayankha za m'mutu mwake. Chilichonse chimene wanena chiyenera kukhala ndi pepala kumbuyo kwake: kafukufuku wosindikizidwa m'magazini ya zachipatala, posita ya kumsonkhano wa madokotala, kapena chikalata chimene boma linavomereza. Choncho yankho lake limakhala labwino kapena loipa malinga ndi zinthu ziwiri zimene iye sazilamulira yekha, kuti kampani inasankha kusindikiza ziti, ndiponso kuti zosindikizidwazo zikusungidwa motani.

Pulani yosindikizira kafukufuku, mukaiona, siochititsa chidwi ayi. Ndi ndandanda yaitali pakompyuta. Mzere uliwonse ndi kafukufuku mmodzi: atha liti, chidule chake chikaonetsedwa kumsonkhano uti, nkhani yonse ipita ku magazini iti ndipo ikakanidwa kumeneko ipitenso kuti, olemba ndi ndani, ndani akuwerengetsera manambala. Kafukufuku mmodzi wamkulu amabala nkhani zingapo, ina ya zotsatira zikuluzikulu, ina ya okalamba okha, ina ya mmene odwala analili patapita zaka zisanu. Popanda ndandanda, nkhanizi zimatsutsana manambala kapena zotsatira zomwezo zimasindikizidwa kawiri ngati zatsopano. Mpaka pamenepa palibe cholakwa.

Funso limene ine ndimafunsa ndikaona pulani yotere ndi limodzi: inalembedwa liti? Ngati inalembedwa zotsatira zisanadziwike, ndiye kuti ndi lonjezo lakuti zonse zidzatuluka, zokoma ndi zowawa zomwe. Ngati inalembedwa anthu ataona kale zotsatira, imasanduka sefa.

Nkhani ya Neurontin ndiyo inaphunzitsa ambiri zimenezi. Mankhwalawa, amene dzina lake lenileni ndi gabapentin, boma la America linawavomereza mu 1993 kuti azithandizira mankhwala ena a khunyu. Msika wa khunyu ndi wochepa. Kampani ya Parke-Davis inaona kuti ndalama zili ku matenda ena, monga mutu waching'alang'ala, ululu wa m'mitsempha ndi matenda a maganizo otchedwa bipolar. Kupempha chilolezo cha boma pa matenda aliwonse kumafuna kafukufuku wamkulu, wodula, wa zaka zambiri. M'malo mwake anasankha kudzera m'magazini. Analemba ganyu makampani olemba nkhani za sayansi, ndipo madokotala ena ankalandira madola 1,000 kuti dzina lawo likhale pamwamba pa nkhanizo. Kenako nkhanizi zinkaperekedwa m'manja mwa ma medical liaison, ma MSL a kampaniyo, kuti azikakambirana ndi madokotala m'zipatala. Dokotala amamasuka kwambiri ndi wasayansi mnzake kusiyana ndi wamalonda, ndipo kampani inkadziwa zimenezo.

Mmodzi wa ma liaison amenewa, David Franklin, anagwira ntchitoyi miyezi yochepa chabe mu 1996, n'kusiya, n'kukasuma kukhoti. Mlandu unatenga zaka 8. Mu 2004 Pfizer, imene inali itagula Warner-Lambert mwini wake wa Parke-Davis, inalipira madola 430 miliyoni. Muyerekeze ndi malonda a Neurontin a chaka cha 2003 chokha, amene anafika madola 2.7 biliyoni, ambiri mwa iwo ochokera ku matenda amene mankhwalawa sanavomerezedwe kuchiza. Chindapusa chotere kampani yaikulu sichiigoneka ndi njala. Chimene chinapweteka kwambiri ndi zikalata za mkati zimene zinatulukira kukhoti. Akatswiri atazifananitsa ndi zimene zinasindikizidwa, analemba m'magazini ya New England Journal of Medicine mu 2009 kuti mwa kafukufuku 20, amene anasindikizidwa ndi 12, ndipo mwa 12 amenewo, 8 anasintha chinthu chachikulu chimene ankayeza poyamba. Ukayesa mankhwala kuti uone ngati achepetsa ululu, ululu osachepa, ndiye n'kulemba za kugona bwino ngati kuti ndicho unkafufuza, sunanene bodza pa nambala iliyonse, koma dokotala wowerengayo wanamizidwa.

Si kampani imodzi yokha. Mu 2008 Erick Turner ndi anzake anatenga kafukufuku 74 wa mankhwala a matenda ovutika maganizo amene makampani anapereka ku FDA, bungwe loona za mankhwala ku America. Mwa 38 amene anasonyeza kuti mankhwala akugwira ntchito, 37 anasindikizidwa. Mwa 36 otsalawo, 22 sanasindikizidwe n'komwe, 11 analembedwa mokometsera mpaka kuoneka ngati anayenda bwino, ndipo atatu okha ndiwo anatuluka mmene analili. Wowerenga magazini ankaona ngati 94 mwa 100 alionse anapambana, pamene zoona zake zinali 51. Zili ngati mulu wa tomato pamsika, wakupsa bwino pamwamba, wophwanyika pansi, kungoti apa wogula alibe mwayi wotembenuza mulu.

Malamulo amene tikugwirira ntchito lero anabadwa m'manyazi amenewa. Mu 2004 akonzi a magazini akuluakulu a zachipatala, kudzera m'bungwe lawo la ICMJE, analengeza kuti kuyambira 2005 sadzalandira kafukufuku amene sanalembetsedwe m'kaundula wa poyera asanayambe kulemba odwala. Kaundula wodziwika kwambiri ndi ClinicalTrials.gov, amene anatsegulidwa mu 2000. Kuno ku Africa kuli Pan African Clinical Trials Registry, amene amasungidwa ku South Africa ndipo WHO imamuvomereza. Ubwino wa kaundula ndi wakuti chimene wanena kuti ukayeza chimalembedwa ndi deti lake, ndipo ukasintha, kusinthako kumaonekera. Mu 2007 America inaonjezera lamulo lakuti zotsatira ziikidwe poyera pasanathe miyezi 12 kafukufuku atatha. Ogwira ntchito yosindikiza m'makampani alinso ndi malangizo awo otchedwa Good Publication Practice, amene anatuluka koyamba mu 2003 n'kukonzedwanso mu 2009, 2015 ndi 2022. Amati wolemba asalipidwe chifukwa choika dzina lake pa nkhani, wothandiza kulemba atchulidwe poyera, ndipo a zamalonda asalowerere pa zimene nkhani ikunena.

Kodi zimatsatidwa? Osati mokwanira. Nkhani ya m'magazini ya The Lancet mu 2020 inapeza kuti mwa kafukufuku amene lamulo la America lija limakhudza, pafupifupi 4 mwa 10 alionse ndiwo anapereka zotsatira pa nthawi yake. Chodabwitsa ambiri n'chakuti makampani ndiwo ankachitako bwino kuposa mayunivesite ndi zipatala. Sikuti makampani anatembenuka mtima. Ali ndi maloya oopa milandu ndiponso anthu olembedwa ntchito yongoyang'anira madeti, pamene mphunzitsi wa payunivesite ndalama za kafukufuku zikatha amapita kukasaka zina.

Mbali yachiwiri, ya kasungidwe, anthu amaipeputsa chifukwa imamveka ngati ya kalaliki. Kampani imakhala ndi nkhokwe ya mayankho okonzeratu a mafunso amene amabwera kawirikawiri. Yankho lililonse limawunikidwa ndi a zachipatala ndi a zamalamulo, limapatsidwa nambala, deti limene lavomerezedwa ndi deti limene lidzathe ntchito. MSL saloledwa kusunga zakezake pa laputopu n'kumagawa. Kwa munthu wophunzira kwambiri lamuloli limanyansa, koma taonani zimene zinachitika ndi dolutegravir, amene ambiri mwa omwa ma ARV m'Malawi akumwa lero.

Mu May 2018 kafukufuku wa Tsepamo ku Botswana, amene sanali wa kampani, anapeza kuti mwa ana 426 amene amayi awo anatenga pakati akumwa dolutegravir, ana 4 anabadwa ndi vuto la msana kapena ubongo wosatsekeka bwino. Chiwerengerochi chinali chokwera kwambiri poyerekeza ndi amayi omwa ma ARV ena, ndipo machenjezo anatuluka padziko lonse. Pamene Malawi inkayamba kusinthira ku mankhwalawa mu January 2019, amayi a msinkhu wobereka anayamba asiyidwa kaye. Ana obadwa atachuluka, chithunzi chinasintha: ana 5 mwa 1,683 mu 2019, ndipo mu July chaka chomwecho WHO inati mankhwalawa aperekedwe kwa onse, amayi omwe. Pofika 2022 kusiyana kuja kunali kutatheratu. Tsono ganizirani dokotala amene wafunsa funso limeneli mu 2020 n'kupatsidwa yankho la 2018 limene linatsalira pakompyuta ya munthu. Nambala iliyonse m'menemo inali yoona pa tsiku limene inalembedwa, koma mayi angamanidwe nayo mankhwala abwino. N'chifukwa chake yankho lakale limachotsedwa m'nkhokwe tsiku limene latsopano lalowa, ndipo kampani imalemba kuti ndani anapatsidwa liti, kuti zinthu zikasintha idziwe woti imuuze.

Uthenga umayendanso chobwerera. Dokotala akatchula, ngakhale mongocheza pakhonde, kuti wodwala wake anatuluka zidzolo atamwa mankhwala a kampaniyo, MSL ayenera kukanena ku ofesi yoona za chitetezo cha mankhwala, ndipo makampani ambiri amapereka tsiku limodzi lokha la ntchito. Mafunso nawo amalembedwa, popanda dzina la wodwala. Madokotala a m'mayiko osiyanasiyana akamafunsa chinthu chimodzimodzi, mwachitsanzo mmene mankhwala akuchitira ndi rifampicin wa TB, ndiye kuti pali dzenje m'zimene zasindikizidwa, ndipo komiti yoona za pulani iyenera kuonjezera mzere pa ndandanda ija. Apa ndi pamene ntchito ziwirizi zimakumana, ndipo ndi pamenenso yesero lili. Kaundula wa mafunso a madokotala ndi chuma chimene a zamalonda amachilakalaka, chifukwa amaonetsa dokotala amene wayamba kukopeka ndi mankhwala. Lamulo lakuti MSL ayankhe za ntchito yosavomerezeka ya mankhwala pokhapokha dokotala atafunsa yekha ndi losavuta kulizemba: wamalonda amangonong'oneza dokotala kuti afunse. Kampani imene a zamalonda amatha kutsegula kaundula ameneyu ine sindiikhulupirira, ngakhale malamulo ake olembedwa akhale okongola motani.

Izi zikutikhudza mwachindunji chifukwa kafukufuku wambiri amachitikira pa matupi athu. Ana a ku Lilongwe anali nawo m'kafukufuku wamkulu wa katemera wa malungo wa RTS,S, ndipo ana oposa 28,000 a ku Blantyre analowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2021. Makolo amene anasainira anauzidwa kuti zimene zipezeke zithandiza ena, ndipo kafukufuku wosasindikizidwa amaphwanya pangano limenelo. Inu kapena mwana wanu mukapemphedwa kulowa m'kafukufuku wa mankhwala, funsani nambala yake ya m'kaundula. Ya ClinicalTrials.gov imayamba ndi zilembo NCT, ya kuno ku Africa imayamba ndi PACTR. Mukailemba pa intaneti mupeza amene akulipira kafukufukuyo, chimene analonjeza kuyeza ndi deti limene akuyembekezera kumaliza. Ofufuza akati alibe nambala, afunseni kuti alembetsa liti musanasaine.